Kalulu, Fisi ndi Kapitawo: Luso Lovala Khalidwe la Wina

Kuvala khalidwe la wina ndi luso loti munthu alankhule, asankhe ndi kuchita zinthu monga angachitire munthu wongopekedwa, mtima wake weniweni uli chikhalire. Lusoli limaphunziridwa munthu akadali wamng'ono. M'midzi yozungulira Makwasa, monganso m'madera ambiri m'Malawi muno, chimanga chikakololedwa ana ankapita kokakunkha zotsalira m'minda, n'kumanga timisasa ta udzu kuseri kwa mudzi. Amenewo ndiwo masanje. Wina ankakhala bambo, wina mayi, wina mfumu yoweruza milandu, ndipo fisi sankasowa. Ntchito ya fisi inali imodzi: kuzembera pamene eni nyumba atanganidwa, kutsomphola ndiwo mumphika n'kuliyatsa liwiro la kutchire. Mwana wopatsidwa ufisi akayamba manyazi, n'kumapempha chakudya mwaulemu, masanje ankazizira, chifukwa anzake ankafuna fisi wakuba ndithu kuti apeze womuthamangitsa. Koma dzuwa likapendeka fisi uja ankabwerera kwawo ali mwana wabwinobwino, ndipo panalibe wokamunenera kwa makolo kuti ndi mbava.

Madzulo luso lomweli linkasamukira pamoto. Wokamba nthano akati "Padangokhala," ana n'kuvomera kuti "Tili tonse," pakamwa pamodzi pankatuluka mawu a nyama zonse. Nthano ya chitsime ikuonetsa bwino ntchito imene wokambayo ali nayo. Kunagwa chilala, nyama zinapangana zokumba chitsime, Kalulu anakana. Madzi atatuluka, nyama zinaika lamulo loti wosakumba asamwe, ndipo zinaika mlonda. Kalulu ankabwera ndi uchi, n'kumulawitsa mlondayo, kenako n'kumuuza kuti zokomazi amadya ndi munthu womangidwa miyendo. Mlonda akamangidwa, Kalulu ankamwa, n'kusambamo. Zinatero mpaka linafika tsiku la Kamba, yemwe anadzipaka ulimbo pamsana n'kukhala phee.

Wokamba waluso amadziwa kuti Kalulu ndi Fisi si amodzi, ngakhale onse ali ophwanya malamulo. Kalulu sadana ndi mlonda. Iye akungofuna madzi osakhetsera thukuta, ndipo amakondwa akapusitsa wamkulu. Fisi ndi wina: njala yake ilibe chisoni, moti angadye ngakhale mwana amene amusungitsa. N'chifukwa chake ana amaseka Kalulu akapulumuka, koma amakondwa Fisi akapsa. Wokamba amene wawapatsa mawu ofanana ndi mtima wofanana wawononga nthano.

Kusiyana kumeneku ndi kumene anthu ena kunja anakulemba papepala n'kukusandutsa malamulo a masewero. Mu 1974, ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewero otchedwa Dungeons & Dragons kudzera m'kampani ya TSR, ya m'tauni ya Lake Geneva ku Wisconsin. Kaseweredwe kake n'kotere. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo. Mmodzi, wotchedwa Dungeon Master, ndiye wofotokoza: amanena za dziko, za njira, za adani ndi za anthu okumana nawo. Ena onse aliyense amatenga munthu mmodzi wopeka, kaya msilikali, wansembe, wakuba kapena wamatsenga, n'kulemba papepala mphamvu zake ndi zofooka zake. Wofotokoza akati gulu lafika pamlatho wothyoka, wosewera aliyense amanena chimene munthu wake achite. Pamene sizikudziwika ngati chinthu chitheke, amaponya dayisi, ndipo yodziwika kwambiri ili ndi mbali 20. Si juga, pakuti sipakhala ndalama. Sizifanananso ndi bawo, pamene wina amadya nkhomo za mnzake mpaka kumugonjetsa. Pano palibe wopambana. Ndi nthano imene anthu ovomera "tili tonse" aja apatsidwa nawo pakamwa.

Papepala lija pali mzere umodzi umene wakhala ukuutsa mikangano kwa zaka 50. Pachingerezi umatchedwa alignment, kutanthauza mbali imene munthu wopekayo waima pa nkhani ya chabwino ndi choipa. M'malamulo a 1974 mbalizo zinali zitatu zokha: ya dongosolo, ya chisokonezo, ndi ya pakati. Ganizoli linachokera m'mabuku a nkhani zopeka a Poul Anderson ndi Michael Moorcock. Posakhalitsa vuto linaoneka. Osewera ambiri ankatenga dongosolo ngati ubwino, chisokonezo ngati uchimo, pamene moyo sutero. Mu 1977 mbali zinakhala zisanu, ndipo mu 1978 buku la Players Handbook linazifikitsa pa zisanu ndi zinayi. Chiwerengerochi chimabwera chifukwa chofunsa mafunso awiri osiyana, lililonse lokhala ndi mayankho atatu. Loyamba: kodi munthuyu amalemekeza malamulo, malonjezo ndi akuluakulu, amawakana, kapena ali pakati? Lachiwiri: kodi amalolera kuvutika kuti mnzake apeze bwino, amapondereza mnzake kuti iye apeze bwino, kapena amangosamala zake ndi za abale ake?

Ku Makwasa mafunso awiriwa si achilendo. Mishoni ya Plainfield, imene Joseph Booth anayambitsa, inagulidwa ndi mpingo wa Seventh-day Adventist mu 1902, ndipo mu 1907 inapatsidwa dzina loti Malamulo. Anthu okulira pafupi ndi dzina lotere amaphunzitsidwa kuti kusunga lamulo ndi kukoma mtima ziyenera kuyendera limodzi. Komabe achinyamata a m'mipingo akamachita sewero la Msamariya wachifundo, la pa Luka 10, amaonetsa poyera kuti ziwirizi zimatha kulekana: wansembe ndi Mlevi, odziwa chilamulo, amalambalala munthu wovulala, ndipo amene amagwada n'kumanga mabala ndi mlendo wonyozeka.

Mbali zisanu ndi zinayi zija zili ngati mabokosi, ndipo nyama za m'nthano zimalowamo mosavuta. Kamba wa pachitsime ndi wadongosolo ndiponso wabwino, pakuti akuteteza pangano la onse. Kalulu ndi wosamangika, kutanthauza wa mbali ya chisokonezo, koma pa ubwino ndi kuipa ali pakati. Fisi ndi wosamangika woipa. Bokosi limene anthu amachedwa kulimvetsa ndi la munthu wadongosolo koma woipa, ngakhale mbiri ya Thyolo ili nalo. Mawu oti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana. Pa nthawi ya atsamunda anasanduka ntchito yokakamiza, imene anthu okhala pa malo a maesiteti ankagwira m'malo mwa lendi, mpaka pamene inathetsedwa mu 1962. Munthu wothamangitsa banja pamalo chifukwa silinagwire thangata sankaphwanya lamulo lililonse. Pepala linali m'manja mwake. Nkhanza zake zinali zadongosolo, zolembedwa bwino m'kaundula.

Phindu la mabokosiwa limaoneka pamene munthu wopekayo wapanikizika. Chitsanzo chingakhale gulu la achinyamata limene likukonzekera sewero la pa esiteti ya tiyi yongopeka. Ndi masana, otchola afola pasikelo ndi madengu awo. Mayi wina akufika ndi dengu losadzaza, chifukwa m'mawa anayamba wathamangira kuchipatala ndi mwana. Akuika dengu pansi, akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kunena motsitsa mawu kuti, "A kapitawo, pepani, mwana anatentha thupi usiku wonse." Kapitawo wagwira cholembera. Chimene achite m'kamphindi kameneko ndicho khalidwe lake, ndipo wosewera ayenera kuchidziwa asanatsegule pakamwa.

Kapitawo wadongosolo wa pakati amayang'ana sikelo, kulemba makilo amene aoneka, n'kuitana wotsatira. Sakondwa, sakwiya. Wosamangika wabwino amaponya maso uku ndi uku, n'kulemba makilo okwana ngati kuti dengu linadzaza, akudziwa kuti zikadziwika ntchito imuthera. Wadongosolo wabwino ndiye wovuta kumusewera, ndipo ndi amene osewera ambiri amamulakwitsa. Iye sangalembe bodza, pakuti kaundula anamupatsa momukhulupirira. Komanso sangamusiye mayiyo apite chimanjamanja. Choncho amalemba makilo enieni, n'kunena kuti, "Mayi, kabuku ka kuchipatala muli nako? Tikaweruka tipitire limodzi ku ofesi, ndikakulankhulireni." Zikakanika kumeneko, amapisa m'thumba mwake. Lamulo walisunga, munthu wamusunganso, koma walipira ndi nthawi yake ndi ndalama yake. Wadongosolo woipa nayenso amalemba makilo enieni, ndipo amalankhula mwaulemu kwambiri. Koma mumtima akuwerenga kuti aka n'kachitatu mayiyu kuperewera, ndipo malamulo akumulola kuchotsa dzina lake, pamalopo n'kulowetsapo mlamu wake. Wosamangika woipa safuna ngakhale chifukwa: amadula makilo a aliyense amene wamuipira m'maso tsiku limenelo.

Akapitawo atatu mwa asanuwa alemba nambala yofanana m'kaundula. Woonera amawasiyanitsa ndi zimene zatsatira, ndi kayang'anidwe, ndi kumene chifundo chawo kapena dyera lawo lalowera. Apa m'pamene pagona luso lonse. Dzina la bokosi silisewera lokha. Limangokumbutsa wosewera kumene mtima wa munthu wake umapendekera zinthu zikathina.

Zolakwika zofala zimachokera pa kuiwala zimenezi. Choyamba ndi kutenga bokosi ngati unyolo. Wosewera amene munthu wake ndi wadongosolo amayamba kumukanitsa chilichonse, ngakhale kuthyola chitseko cha nyumba imene ikupsa muli mwana, ati chifukwa nyumbayo ndi ya eni. Munthu wotere kulibe, ndipo woonera samukhulupirira. Malamulo akale a masewerowa anathandizira vutoli. Munali msilikali wolumbira wotchedwa paladin, amene ankayenera kukhala wadongosolo ndi wabwino nthawi zonse, ndipo akachita choipa mwadala ankalandidwa mphamvu zake osabwezeredwanso. Chifukwa cha mantha, osewera ambiri ankamusandutsa mlonda wa anzake, wodzudzula aliyense, m'malo mwa munthu wolimbana ndi mtima wake.

Cholakwika china n'chosewera woipa ngati wamisala. Woipa wongokuwa, wongomenya, wongoseka mwankhanza, amatopetsa msanga. Woipa amene amaopsa ndi uja ali ndi zifukwa zomveka kwa iye mwini: ali ndi ana kusukulu, ali ndi ngongole kwa wakatapila, amakhulupirira kuti akapanda kudya iye adya ndi wina. Amapereka moni bwinobwino, amapita kumaliro, mwinanso amaimba kwaya. Wosewera amene wapeza zifukwa zimenezi safunikanso kukweza mawu.

Koma cholakwika chimene chimapasula magulu ndi kubisala kumbuyo kwa khalidwe. Patebulo pamapezeka wosewera amene munthu wake amabera anzake a m'gulu lomwelo, kuwapereka kwa adani, kusokoneza chilichonse chimene apangana, ndipo akadandaula amayankha kuti munthu wakeyo ndi mmene alili. Yankho limeneli ndi lopanda pake, chifukwa amene anamusankhira khalidwelo ndi iye mwini. Fisi wa pamasanje ankadziwa malire: ankaba ndiwo kuti masewero akome, koma sankaswa miphika ya amayi a anzake kapena kutentha timisasa. N'chifukwa chake magulu ambiri masiku ano amayamba akhala pansi tsiku loyamba, asanaponye dayisi, n'kugwirizana za makhalidwe amene aloledwe, nkhani zimene zisakhudzidwe, ndi chimene chikumangirira anthu awo opekawo pamodzi.

Funso limene makolo ndi atsogoleri a mipingo amafunsa ndi loti kodi wosewera woipa sasanduka woipa. Ku America funsoli linakula kwambiri m'zaka za m'ma 1980, pamene magulu ena ankanena kuti Dungeons & Dragons imakokera ana kwa Satana, moti mu 1989 kampani ya TSR inachotsa mawu otchula ziwanda m'mabuku ake atsopano. Nkhawa ya kholo pa zimene mwana akuloweza siyenera kupeputsidwa. Komabe Amalawi akhala akuphunzitsana mwambo kudzera mwa oipa ongovala kuyambira kalekale. Pa bwalo la Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulengeza kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, zilombo zambiri zimaonetsa dala ulesi, umbombo, kuledzera ndi chiwerewere, kuti oonera aseke kenako adzifunse. Bambo Claude Boucher, amene anayambitsa malo a Kungoni ku Mua mu 1976, anasonkhanitsa ndi kufotokoza zilombo zambirimbiri zotere. Za kudambwe zili ndi eni ake, koma zimene zimaoneka pabwalo n'zokwanira kusonyeza kuti kuonetsa choipa ndi njira imodzi yochidzudzulira.

Wailesi inatenga njira yomweyo. Masewero monga Kapalepale ndi Pamajiga pa MBC, komanso Zimachitika la bungwe la Story Workshop, sakanakoma popanda anthu ovuta. Ku Mexico, m'zaka za m'ma 1970, Miguel Sabido anakonza njira yolembera masewero ophunzitsa imene imagawa anthu m'magulu atatu: abwino, oipa, ndi a pakati amene amakokedwa uku ndi uku mpaka atasankha. Omvera amadziona mwa a pakatiwo. Sewero la Twende na Wakati, limene linayamba pa wailesi ya Tanzania mu 1993, linatsata njirayi, ndipo munthu amene anatchuka kwambiri anali Mkwaju, dalaivala wa thiraki wokonda akazi ndi mowa. Vuto lenileni limene osewera amakumana nalo si kusanduka oipa, koma kuti dzina limawakanirira. John Nyanga ndi Eric Mabedi anadziwika dziko lonse monga Izeki ndi Jakobo mpaka imfa yawo. Michael Usi wa ku Mulanje, amene ankasewera Manganya mu Tikuferanji, anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024 anthu akumutchulabe Manganya. Ndi chifukwa chake gulu labwino limakhala ndi chizolowezi chovula khalidwe: sewero likatha, kapitawo wankhanza uja ndi mayi wa dengu amagwirana chanza, amatchulana maina awo enieni, n'kukambirana zimene zinawawa ndi zimene zinakoma.

Pali mbali ina ya mabokosiwa imene ili yoopsa ndithu, ndipo opanga masewerowa anachedwa kuiona. M'mabuku akale mitundu yathunthu ya zolengedwa zopeka, monga orc ndi drow, inkalembedwa kuti ndi yoipa chibadwire. Wosewera akakumana ndi mmodzi sankafunika kufunsa kanthu, ankangosolola lupanga. Mu 2020 kampani ya Wizards of the Coast, imene inagula TSR mu 1997, inavomereza poyera kuti kalembedwe kameneka kamafanana ndi mmene mitundu yeniyeni ya anthu yakhala ikunyozedwera, ndipo inalonjeza kusintha. Ku Thyolo ndi ku Mulanje nkhaniyi ili ndi chipsera chake. Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique n'kukhala msana wa ntchito ya m'minda ya tiyi anapatsidwa dzina lonyoza, limene linkamata mtundu wonse khalidwe limodzi. Lewis Bandawe ndi anzake analimbana nalo mpaka boma la atsamunda linasiya kuligwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1940. Nthano ingathe kunena kuti afisi onse ndi adyera, chifukwa Fisi wa m'nthano ndi chithunzi cha dyera lenilenilo. Koma sewero limene lapatsa wakuba chilankhulo cha mtundu wina, n'kupatsa wanzeru cha mtundu wina, laphunzitsa tsankho ngakhale mutu wake utakhala wa chikondi. Khalidwe ndi la munthu mmodzimmodzi.

Khalidwe limasinthanso, ndipo sewero lokoma nthawi zambiri ndi nkhani ya kusinthako. Kapitawo wa pakati uja, wongolemba n'kuitana wotsatira, akhoza kumva mawa lake kuti mwana uja wagonekedwa m'chipatala. Tsiku lina mayi wina akadzafika ndi dengu loperewera, dzanja lake lidzazengereza. Kusintha kotere kumakhulupirika kukabwera pang'onopang'ono ndiponso kukakhala ndi mtengo wake. Munthu wogona ali Fisi n'kudzuka ali Kamba popanda chomuchitikira sakhutiritsa aliyense.

Opanga masewero a patebulo nawonso akhala akusinthasintha. Mu 2008 mabokosi anachepetsedwa kukhala asanu, mu 2014 anabwerera pa asanu ndi anayi, koma mphamvu yawo pa malamulo inachepa. M'malo mwake wosewera anayamba kufunsidwa kulemba zinthu zogwirika: chimene munthu wake amakhulupirira, munthu kapena malo amene mtima wake wamangikapo, ndi chofooka chimene chimamugwetsa. Mu 2023 kampani ya Paizo, yopanga masewero a Pathfinder, inachotseratu mabokosiwa, n'kutsamira pa mindandanda iwiri: zimene munthu amayesetsa kuchita nthawi zonse, ndi zimene amasala. Njirayi imagwiranso ntchito pa sewero la pasukulu kapena la kutchalitchi, ndipo siifuna buku kapena dayisi. Pepala la kapitawo lingathe kungonena kuti salemba bodza m'kaundula, ali ndi ngongole kwa mlamu wake amene akufuna ntchito, ndipo amaopa kunyozeka pamaso pa akuluakulu a ku ofesi. Wosewera akaloweza mizere itatu imeneyi, mnzake angamubweretsere dengu lililonse pasikelo, loperewera kapena lodzaza ndi masamba okhwima, ndipo adzadziwa choyankha popanda wina womulembera mawu.